Mpata wa Chikhatho Chimodzi

Nsipe, Ntcheu
14 Epulo 1952

Okondedwa bambo,

Moni wochokera kwa ine mwana wanu Cyprian. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli ndi moyo ku Joniko pamodzi ndi mng'ono wanu, bambo aang'ono a Kizito. Kuno amayi ali bwino. Janeti mano awiri akutsogolo achoka, tsopano amaseka atagwira pakamwa. Chimanga cha kumtunda chachita bwino, koma cha kudambo chinaima m'madzi.

Kusukulu kwabwera aphunzitsi atsopano a ntchito zamanja, dzina lawo a Hilary. Anzanga amaluka madengu ndi kusema mipini, koma ine anandipatula atandipeza ndikujambula tchalitchi kumbuyo kwa kope la masamu. Ndinkayesa andikwapula. M'malo mwake anandipatsa mpeni ndi mtolo wa mapesi, nati, "Pepala limanama. Imanga tiione."

Bambo, ndikuphunzira kumanga tinyumba toyerekezera. Timasenda phesi, mtima wake wofewa uja ndiwo khoma, minga ndiyo misomali. Inchi imodzi imaimira phazi limodzi, ndiye kanyumba konse kamakwana pa thabwa loti munthu n'kunyamula pamutu. Choyamba sitimanga khoma ayi. Timayamba kupanga kamunthu ka phesi ka msinkhu woyenera, ndipo chilichonse timayesera pa iko: ngati kakwana pakhomo osawerama, ngati kangatembenuke m'chipinda katasenza mtsuko. A Hilary amati nyumba si makoma, nyumba ndi malo amene atsala pakati pa makomawo. Tikamaliza timakaika kanyumbako padzuwa, n'kuvundukula denga, n'kuona pamene kuwala kukugwera m'mawa ndi masana.

Za denga sizinandivute. Ndinaonerera bwino chaka chatha pamene bambo aakulu a Maynard ndi anthu awo ankagwetsa nyumba ya malemu achimwene anu a Yoramu, tsiku lometa lija, monga mwa mwambo. Anthu ankalira, koma ine maso anali pa m'mene phaso limakhalira pa mtanda. Ndi zochititsa manyazi kunena, koma ndi m'mene ndinaphunzirira. Akazi awo, amayi a Lufina, mpaka lero akugonabe m'khitchini ndi ana.

Kumphala kumene ndimagona sikuwerengeka. Anyamata amabisa nyali yanga, amanditchula kuti Mmisiri wa Mbewa.

Tiuzeni za kumeneko. Kodi mudakali pansi pa mgodi womwe uja? Mubwera liti?

Ndine mwana wanu,
Cyprian


Komponi, Joni
8 Juni 1952

Mwana wanga Cyprian,

Moni. Akulemba ndi bambo ako aang'ono a Kizito, mawu ndi anga. Kalata yako andiwerengera kawiri. Anthu a m'chipinda chathu aseka za Mmisiri wa Mbewa, ndawauza kuti mbewa imagona pouma kuposa ife.

Pansi andichotsako. Tsopano ndimasesa pamwamba, kudzuwa. Ntchito yake ndi ya nkhalamba, koma ndi yopepuka.

Tamvera. Zaka zonsezi ndakumba nyumba ya miyala yopanda zenera ya anthu ena. Ndikufuna amako agone m'nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata chaka chino mvula isanagwe. Zofunika ndatumiza ku positi m'dzina la amako. Womanga akhale Benson wa kutsidya. Benson pepala saliwerenga, koma manja ake ndi owongoka. Ndiye iwe umange kanyumba kako kaja, iye aziona pamenepo. Ndiwe maso anga.

Nyumbayo ikhale chonchi: khonde kutsogolo, pabalaza, chipinda cha amako, chipinda cha Janeti ndi katundu. Zimenezo konza m'mene aphunzitsi ako akuphunzitsira.

Koma pali chipinda china chaching'ono, chimenechi umvetsetse. Chikhale kum'mawa kwa nyumba. Chikhale ndi khomo lakelake lotulukira panja, lotakasuka, lopanda sitepe. Mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Chisagwirane ndi nyumba yaikulu. Chikhale ndi khoma lake, pakati pa makoma awiriwo pakhale mpata wa chikhatho chimodzi. Chimenechi njerwa zake zikhale zidina wamba, denga la udzu, losalumikiza ku malata.

Usandifunse zambiri. Moni kwa amako ndi kwa Janeti wanga wa mano ochoka uja.

Ndine bambo ako,
Dyton


Nsipe, Ntcheu
6 Julaye 1952

Okondedwa bambo,

Moni. Tonse tili moyo. Zimene munatumiza zafika, ndipo anthu ayamba kuumba njerwa kuchulu cha kuseri kwa khola. Mbali yoyamba ya kalata ino ndi mawu a amayi. Andiuza kuti ndilembe osachotsapo kanthu, ndipo aima pambuyo panga ngakhale sawerenga.

Akuti: Bambo a Cyprian, moni. Za nyumba ndathokoza. Koma ine si mwana. Chipinda cha khomo lakelake, khoma lakelake, denga lakelake, chimenecho si chipinda, ndi nyumba ya mkazi wachiwiri. Ngakhale agogo anu a mitala ankamanga choncho, kusiyana kwake iwo ankaika patali, sankabisa ndi chikhatho. Ngati mwapeza wa ku Joni wodzola milomo, nenani poyera, ndikauze ansembe ndi ankhoswe. Ine Sellina ndinakwatiwa mu tchalitchi. Ndalima ndekha zaka zonsezi, anthu akunditcha mkazi wa mtchona, ndiye lero ndizitunga madzi oumbira zidina za mnzanga? Madzi amenewo adzatunge yekha.

Amayi athera pamenepo ndipo apita kukapuntha mapira. Akupuntha mwamphamvu kwambiri.

Tsopano ndi ine. Bambo, ndaganiza usiku ndi usana za chipindacho. Ndinaika kamunthu kanga pakhomo pake n'kudzifunsa monga amatiphunzitsira a Hilary: kodi wokhala muno ndani, amatani akadzuka? Ndi munthu wofuna kuwala kwa m'mawa. Ndi munthu wofuna kukhala yekha koma pafupi ndi anthu. Ndi munthu amene mwambo sumulola kugona nyumba imodzi ndi amayi. Ndikayang'ana m'banja mwathu, munthu wotero ndikumuona mmodzi yekha, ndipo ndi amene anakulemberani za nyali yake yobisidwa kumphala.

Ngati ndalakwa mundikhululukire. Sindinawauze amayi, ndikudikira mawu anu. Koma mtima wanga sukukhazikika. Ndapanga kale katebulo ka phesi ndi kukaika pansi pa zenera la kum'mawa.

Ndine mwana wanu,
Cyprian


Komponi, Joni
10 Ogasiti 1952

Amake Cyprian,

Mkazi kulibe. Ndani angandifune ine, mutu wayera ndi fumbi? Kizito ali pano, akulumbira nane. Wodzola milomo amene ndimamuona kuno ndi mbuzi ya mphika wa pa Khirisimasi basi. Musapite kwa ansembe. Tungani madzi, ndapota nanu.

Iwe Cyprian, chipindacho mwini wake udzamudziwa ndikabwera. Katebulo kako kasunge. Manga m'mene ndinanenera.

Dyton

Ine Kizito ndikuwonjezerapo anga pansi pano. Mwana wanga, sukulu ndi yabwino, koma pa chinthu ichi usaikepo nzeru zako. Bambo ako akudziwa chimene akunena.


Nsipe, Ntcheu
7 Seputembala 1952

Okondedwa bambo,

Moni wa chimwemwe. Kalata yanu inafika. Nditawerenga za mbuzi, amayi anafuna kuseka koma anadzigwira. Anati, "Ngati si mkazi, bwanji sakunena mwini wake?" Madzi anakanabe kutunga. Pamenepo ndinawauza zimene ndinakulemberani, kuti chipindacho ndi changa chowerengeramo, ndipo inu mukufuna kundidzidzimutsa. Ndinawawerengeranso pamene munati katebulo ndikasunge. Amayi anati, "Bambo ako ndi choncho, chinthu chabwino amachinyamula ngati wakuba." M'mawa mwake anali oyamba kuchitsime.

Kanyumba katha, bambo! Ndikanakonda mukanakaona. Denga ndadula ku chitini cha palafini, ndalipinda mizeremizere ndi msomali, ndipo limavundukuka. Khonde layang'ana kumsewu kuti amayi aziona obwera. Khitchini ndaisiya kumadzulo, kumene mphepo imapita, kuti utsi usalowe m'nyumba. Pakati pa pabalaza ndi zipinda kamunthu kamayenda osagunda kanthu.

Pali chimodzi chimene ndasintha, ndipo ndifotokoze bwino kuti musakwiye. Ndinayamba ndamanga monga munanenera, makoma awiri ndi mpata pakati. Nditakaika padzuwa ndinaona kuti mpatawo ndi woipa. Dzuwa silifikamo. Tsache silingalowemo. Ndinathira madzi pa denga ndi chikho, onse a ku malata anatsikira mumpatamo, pa zidina. Mvula ziwiri, khomalo lagwa. Ndiponso muzikhala njoka ndi makoswe. Ndinawaonetsa a Hilary, iwo anati maso anga akuona bwino, makoma awiri oyandikana chotero ndi kutaya njerwa. Koma anafunsanso kuti, "Mwini nyumba wamufunsa chifukwa chake?" Ndinati mwini chipinda ndine, ndiye ndadzifunsa ndekha. Anaseka.

Tsono ndachotsa mpatawo. Khoma ndi limodzi, la njerwa zowotcha, zolukana ndi za nyumba yaikulu. Malata ndi amodzi kuyambira uku mpaka uko. Khomo lakunja, mazenera awiri ndi kupanda sitepe, zonsezo zili m'mene munafunira. Ndikudziwa kuti munati udzu ndi zidina pofuna kupulumutsa malata, koma Benson wayeza, akuti akwanira. Musadzichepetsere chifukwa cha ine.

Benson atakaona kanyumbako anakazungulira katatu, nati, "Iwe mwana, ukanakhala wamkulu ndikanakugulira mowa." Amakaika pa chitsa pafupi ndi maziko, amayeza ndi kamtengo, n'kuchulukitsa pa chingwe. Uvuni tautentha sabata yatha, njerwa zapsa bwino, zikulira ngati belu.

Ngati simukugwirizana nazo, yankhani msanga, maziko akumbidwa kale.

Ndine mwana wanu,
Cyprian


Nsipe, Ntcheu
16 Novembala 1952

Okondedwa bambo,

Moni. Tili bwino, koma tili ndi nkhawa chifukwa kuyambira Ogasiti sitinamve mawu anu. Loweruka lililonse ndimapita kukafunsa makalata, mpaka a kalaliki amangopukusa mutu ndisanafike pa zenera. Amayi akuti mwina mwasamukira mgodi wina. Tinadikira yankho lanu mpaka makoma atafika m'chiuno. Benson anati mitambo siidikira positi, ndipo ine ndinati kukhala chete kwanu ndiye kuvomera.

Nyumba yatha. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, tinathamangira m'katimo tonse atatu kukamvera kulira kwa malata. Janeti anatseka makutu, amayi analira. Sipanadonthe paliponse. Anthu akuchokera kutali kudzaona, ena akuti ndi sitolo. Bambo aakulu a Maynard anabwera, anagogoda khoma ndi ndodo yawo, nati, "Dyton wamanga ya muyaya." Amayi a Lufina anangoima pakhonde, anasisita njerwa, sanalowe.

Amayi akana kusamukiramo inu musanabwere. Akuti moto woyamba muyatse ndinu. Inenso chipinda chija sindinagonemo, ndikudikira kuti mundipatse ndi pakamwa panu. Koma m'mawa ndisanapite kusukulu ndimakaimamo pang'ono. Dzuwa limagwera pomwe linkagwera m'kanyumba ka mapesi, osaphonya. Sindinkadziwa kuti chinthu chimene munthu wachiganiza m'mutu chingadzaime n'kumuphimba.

Lembani, bambo, ngakhale mzere umodzi.

Cyprian


Komponi, Joni
1 Disembala 1952

Cyprian mwana wanga,

Ndine Kizito. Lero ndikulemba mawu anga, osati a bambo ako. Uwerenge wekha poyamba, kenaka ufune mawu abwino owauzira amako.

Bambo ako akhala m'chipatala cha mgodi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti. Ine ananditumiza ku shafuti ina, dzenje lina la mgodi la kutali, ndipo makalata ako awiri ndawapeza dzana ali m'bokosi la achimwene osatsegula. Analibe wowawerengera amene akanamukhulupirira.

Ndi chifuwa cha fumbi la miyala. Adokotala anachiona pa galasi lounikira m'chifuwa kale mu Meyi, n'chifukwa chake anawachotsa pansi. Anandiletsa kunena. Ukudziwa kuti mwamuna satchula imfa yake ndi pakamwa pake, kumeneko ndi kuiitana. Tsopano awalembera kuti ntchito yatha, akubwera kumudzi ndi gulu la mwezi uno. Mukawachingamire ku Balaka, ndipo mupite ndi munthu wamphamvu.

Ndawawerengera kalata yako ya Seputembala. Pofika pa khoma limodzi lija anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anatembenukira kukhoma. Ya Novembala anamvera yonse, pa malata olira anamwetulira.

Iwe mwana, unalemba wekha ndi dzanja lako za nyumba ya achimwene a Yoramu. Unaona phaso, sunaone alamu athu a Lufina? A Maynard salola kuti nyumba imene wagonamo malemu iime. Bambo ako ankafuna kachipinda koti tsiku lometa anthu adzakankhe ndi mapewa, kagwe kokha, amako atsale pouma. Chikhatho chija chinali cha ntchito imeneyo.

Sindikukukalipira. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanakuuza mu Ogasiti, m'malo mokuponyera mwambi pansi pa kalata. Ngati pali chimene Benson angachite, achite.

Bambo ako aang'ono,
Kizito


Nsipe, Ntcheu
18 Januwale 1953

Okondedwa bambo aang'ono,

Moni. Kalata yanu inafika patangotsala masiku ochepa kuti bambo afike. Ndinathamangira kwa Benson. Anavundukula denga la kanyumba kaja, anayang'ana nthawi yaitali, nati njerwa tinaziluka ngati dengu, ukasolola chipindacho pabalaza pang'ambika. Zidina nazo mvula ino sizingaume.

Amayi nditawauza sanalire. Anati, "Ndinamunenera za milomo yodzola munthu akutsokomola magazi." Anatenga khasu n'kupita kumunda, kunja kukugwa mvula.

Bambo tinawatenga ku Balaka pa lole, kuchokera kumsewu tinawakweza pa ngolo. Ndinawazindikira ndi chipewa chokha. Titafika anati tiwatsitse patsogolo pa nyumba. Anaima atatsamira phewa langa, opepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Mmisiri wa Mbewa," anatero, "mbewa zake ndi zazikulu."

Anthu anaseka, amayi a kumpingo analulutira. Bambo anayenda pang'onopang'ono mpaka kum'mawa, pamene chipinda chija chikumana ndi nyumba. Anaika chikhatho chawo chopingasa pa ngodyapo, ngati akufuna polowetsa. Panalibe. Anasisita njerwazo, nati, "Zalukidwa bwino."

Amayi anati, "Lowani, bambo a Cyprian, mphasa ndayala, moto ukudikira inu."

"Yatsani, ndiona utsi ndili panja."

"Mwayamba liti kuopa nyumba yanu?"

"Si yanga, ndi yanu."

"Ndiye ine mwini wake ndikuti lowani! Akafuna kudzagwetsa adzagwetse. Ndagona m'nyumba yodontha zaka zonsezi, sindinafe."

Bambo anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anati, "Sellina, zala zanga izi zinatsala theka ku Joni, mapapo atsala konko. Chimene ndabwera nacho ndi ichi chaima apachi. Mukufuna Maynard adzachisandutse chulu?"

Ansembe anabwera mawa lake. Anati mwambo umenewo ulibe mphamvu pa mkhristu, iwo adzaima pakhomo tsiku lometalo. Bambo anathokoza mwaulemu, nati, "Inu mudzaima tsiku limodzi, abambo. Mkazi wanga adzakhala ndi abale anga masiku onse. Mwana akadzangodwala adzati ndi nyumba ija." Ndinapita ndekha kwa bambo aakulu a Maynard. Anandilandira bwino, anandipatsa chimanga chootcha. Anati iwo sadana ndi munthu, koma Yoramu anali m'bale wawonso, sangagwetse ya wina n'kusiya ya wina chifukwa yawala.

Nyumba yathu yakale inagwa mbali imodzi ndi mvula ya Khirisimasi, ndiye amayi ndi Janeti asamukira m'yatsopano, bambo atawakakamiza. Bambowo anagona masiku oyamba m'khitchini, utsi ukuwatsamwitsa. Ndiye anandiitana, nati, "Tenga mpeni wako ndi mapesi. Ulendo uno ufunse."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinatenga kamunthu kaja, ndinafunsa zonse. Mukadzuka mukufuna kuona chiyani? Anati khonde, pamene amako amapetera. Mukagona mutu uloze kuti? Anati kumene kukuchokera mphepo. Bedi likhale lalitali bwanji? Anati loti Janeti akakhala pansi tizionana nkhope. Ndinafunsanso za chikhatho chija, chifukwa chake sanangoti chipindacho chikhale patali. Anati, "Ndinkafuna ndizimva amako akamakalipira Janeti. Ndiponso ndikagogoda, amve."

Tamanga kanyumba ka mitengo komata ndi dothi, denga la udzu wakale. Pafupi ndi malata sipakanatheka chifukwa cha madzi otsika padenga, ndiye kali patali ndithu, kuseri kwa mango. Khomo layang'ana khonde. Dothi lake silikuuma, bambo aang'ono. Ukaligwira limatsala m'manja. Ndimasonkha makala m'phale kuti muzifunda, koma m'mawa bulangete limakhala lonyowa. Kutsidya kwa bwalo kuli chipinda chouma cha mazenera awiri, mulibe munthu.

Kusukulu ndikupitabe, bambo akuti ndikasiya andimenya, ngakhale mkono sangaukweze. Tumizani mankhwala a chifuwa aja a m'botolo lofiirira ngati alipo, akuti amawagonetsa.

Ndine mwana wanu,
Cyprian


Nsipe, Ntcheu
26 Epulo 1953

Okondedwa bambo aang'ono,

Moni. Lamya ija ndikhulupirira munailandira. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimati ndikagwira cholembera ndimangoyang'ana pepala. Amayi ali bwino pang'ono. Janeti mano aja amera, bambo anawaona.

Anatisiya Lachitatu la sabata yotsatira Pasaka, dzuwa litakwera, amayi ali pambali pawo. Tinawaika pafupi ndi bambo a Yoramu. Anthu anabwera ambiri, ena a ku Kasinje ndi ku Bwanje amene anagwira nawo ntchito ku Joni. Mmodzi anaimba nyimbo ya kumgodi, mawu ake sitinawamve, koma amuna akuluakulu anagwetsa misozi.

Tsiku lometa bambo aakulu a Maynard anafunsa pamaso pa anthu ngati malemu anagonapo m'nyumba ya malata. Amayi anati ayi. Anafunsa ngati anadyeramo kapena kukhalamo pansi. Amayi anati ngakhale pakhonde sanapondepo. A Maynard anati, "Tonse tinaona." Anyamata anayi anatsamira kanyumba ka kuseri kwa mango, kanagwa kamodzi n'kamodzi, ngati kanali katatopa kale. Ulendo uno sindinayang'ane phaso. Nyumba yaikulu ilipo, palibe anaikhudza.

Pali chimene ndikufuna mudziwe, poti ndinu munalemba mawu awo onse. Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye, masana ena amayi ali kudimba, bambo anandituma kuti ndikatenge kanyumba koyamba kaja, ka denga la chitini. Ndinakaika pa bulangete, pa miyendo yawo.

"Vundukula," anatero. "Anthu onse a m'mudzi muno alowa m'nyumba yaikuluyo, kupatula amene anaimangitsa. Ndionetse."

Ndinavundukula. Anatenga kamunthu ka phesi ndi zala zawo zotsala zija, anakaimika pakhonde.

"Odi kuno!" anatero ndi mawu aang'ono.

Ndinati, "Lowani, bambo."

Anakalowetsa pabalaza. Anafunsa pamene amayi aika mtsuko, ndinaloza. Anafunsa pamene Janeti amataya nsapato zake za ku tchalitchi, ndinaloza, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anakayendetsa m'chipinda chilichonse, akufunsa ngati pamenepa pamafika dzuwa, ngati chitseko ichi chimalira. Pomaliza anafika pa kachipinda ka kum'mawa, anaona katebulo kaja kali pansi pa zenera.

Ndinati, "Bambo, ndikanasiya mpata uja, bwenzi muli pouma."

Anati, "Ukanasiya mpata uja, madzi a malata akanagwetsa zidina, unanena wekha. Ine ndimadziwa kukumba, kumanga ndi iwe. Tonse awiri tinaona mbali imodzi imodzi." Kenaka anati, "Mwini wake ndinati udzamudziwa ndikabwera. Ndabwera. Ndi chako. Uikemo tebulo lenileni."

Ndikudziwa kuti ananena choncho kuti andipepuze. Mpata ukanatheka kuukonza, ndikanangotalikitsa malata kapena kukumba kangalande. Ndaziyesa pa mapesi, zimatheka. Zikanangofuna kuti ndifunse funso limodzi limene a Hilary anandifunsa, ine n'kuliseka.

Amayi akuti ndisamuke kumphala, chipinda chisakhale chogona akangaude. Benson wandikhomera tebulo, wakana kulandira kanthu. Ndimawerengeramo masana. Kugona sindinayambe. Mwina mayeso akatha.

A Hilary akuti chaka chamawa andilembera kalata yokaphunzira za zomangamanga. Sindinawayankhe. Inu mukuti bwanji? Ndipo inuyo mubwera liti? Musadikire kuti akuchotseni pansi. Mukamatsokomola mutiuze, ndapota nanu, mutiuze ndi mawu enieni.

Kanyumba kaja ndakaika pa tebulo. Tsiku lija, atatopa, bambo sanabweze kamunthu kaja m'manja mwanga. Anakatulutsa m'kachipinda ka kum'mawa, anakazungulitsa pakhonde, n'kukakhazika pabalaza, pafupi ndi pamene amayi amakhala akamasoka. Anati, "Tseka denga, kunja kukuzizira."

Ndinatseka. Sindinavundukulenso.

Ndine mwana wanu,
Cyprian